Chimango cha Ndege: Za Kupepuka, Kulimba ndi Kutopa kwa Chitsulo

 Lero tikamba za ndege. Koma sitikamba za injini, imene phokoso lake limatitukulitsa maso tili pakati pa munda, kapena za woyendetsa, amene ana ambiri amasirira ntchito yake. Tikamba za chinthu chobisika pansi pa utoto, chimene palibe amachitamanda chikamagwira bwino ntchito yake, ndicho chimango cha ndege: mitanda, nthiti ndi khungu, zimene zimasenza katundu yense kuyambira pamene matayala achoka pansi kufikira pamene agundanso nthaka.

M'chaka cha 1903, ku America, kunali Samuel Langley, munthu wophunzira ndi wolemekezeka, mkulu wa bungwe la Smithsonian, amene boma linampatsa madola 50,000 kuti apange ndege yonyamula munthu. Iyeyu anali ataulutsa kale tindege topanda munthu m'chaka cha 1896, ndipo tinauluka bwino pamwamba pa mtsinje wa Potomac. Choncho anayesa kuti chotsala n'kungokulitsa kamangidwe komweko pafupifupi kanayi. Koma pa 8 Disembala 1903, ndege yake itaponyedwa kuchokera padenga la bwato, mapiko ake akumbuyo ndi mchira zinapindika pomwepo, nigwera m'madzi ozizira, ndipo woyendetsa wake, Charles Manly, anachita kuvuulidwa. Patangopita masiku 9, ku Kitty Hawk, abale awiri okonza njinga a ku Dayton, Wilbur ndi Orville Wright, amene injini yawo inkachepa mphamvu koposa kanayi poyerekeza ndi ya Langley, anauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37, pa ndege ya matabwa opepuka, nsalu ndi mawaya. Mapiko awo awiri, lina pamwamba lina pansi, anawamanga pamodzi ndi timizati ndi mawaya opingasa, potsata kamangidwe ka milatho ya njanji kamene Octave Chanute, mmisiri wa milatho, anali atayamba kale kugwiritsa ntchito pa zouluka zake. Langley anali ndi injini yoposa. Abale aja anali ndi chimango chimene chinapirira.

Tsono tiyeni tifunse bwino: kodi phiko limasenza chiyani? Ndege ikakhala pansi, mapiko ndi amene amalendewera pa thunthu. Koma ikangonyamuka zinthu zimatembenuka, pakuti tsopano thunthu lonse, pamodzi ndi anthu ndi katundu wawo, ndilo limalendewera pa mapiko. Mpweya umakankhira phiko m'mwamba m'litali mwake monse, kulemera kwa thunthu kumalikokera pansi pakati, ndipo phikolo limapindikira m'mwamba kunsonga, monga amadziwira aliyense amene anakhalapo pawindo la ndege. Likapindika motero, chitsulo cha pamwamba pake chimapanikizika, cha pansi chimakokeka, ndipo cha pakati sichimva zambiri. Chifukwa chake mtanda waukulu wa phiko, umene umayenda kuchokera pa thunthu kufika kunsonga, amaupanga wochindikala pamwamba ndi pansi koma wopyapyala pakati, wonenepa pamene phiko likumana ndi thunthu, ndi wowonda kunka kunsonga; pakuti lamulo loyamba la amisiri a ndege ndi lakuti chitsulo chiikidwe pamene pakudutsa katundu, ndipo pamene sipadutsa kanthu chichotsedwe. N'chifukwa chakenso mafuta amawathira m'mapiko momwemo, ndi injini amazipachika pansi pa mapiko: kulemera kwake kumakokera phiko pansi pamalo pomwe mpweya ukulikankhira m'mwamba, ndipo mtanda umapumako.

Kupindika n'koopsa, koma kupotoka n'koopsa koposa. Amene muli ndi pepala pafupi, tengani, mulikulunge likhale ngati paipi, osamata m'mphepete mwake, ndipo mulipotole ndi manja awiri. Mudzaona kuti likupotoka mosavuta, m'mphepete muja mukutsetsereka. Tsopano matani mphepeteyo ndi guluu kapena selotepi kuchokera uku kufika uko, mulipotolenso. Pepala ndi lomwelo, kulemera kwake ndi komweko, koma tsopano likukana. Chotsekeka mozungulira chimakana kupotoka kuposa chotseguka, ndipo kusiyana kwake si kwapang'ono. Pachifukwa ichi phiko la ndege zamakono ndi bokosi lalitali lotsekeka: mtanda kutsogolo, mtanda kumbuyo, khungu pamwamba ndi pansi. Phiko lofewa likakumana ndi liwiro loposa muyeso wake, kupindika ndi kupotoka zimayamba kuthandizana, mphepo n'kumazisonkhezera, phiko n'kuyamba kukupiza lokha mowirikiza, ndipo m'masekondi owerengeka limathothoka, woyendetsa asanaganize n'komwe chochita. Ndipo popeza khungu lopyapyala likapanikizika limakwinyika msanga, amalichirikiza ndi nthiti zopingasa ndi tizitsulo titalititali tomatidwa m'kati mwake, kuti ligawike m'tizigawo ting'onoting'ono timene sitikwinyika wamba.

Kuchoka pa mawaya ndi nsalu kufika pa bokosi lachitsulo panatenga zaka pafupifupi 30. Ku Germany, m'chaka cha 1906, Alfred Wilm anapeza kuti aluminiyamu wosakaniza ndi mkuwa pang'ono, akatenthedwa ndi kuziziritsidwa mwadzidzidzi, amanka nalimba yekha akakhala masiku angapo. Ndipo popeza aluminiyamu amapepuka pafupifupi katatu kuposa chitsulo wamba, amisiri anapeza chimene ankachisowa. Hugo Junkers, wa ku Germany komweko, anaulutsa m'chaka cha 1915 ndege yachitsulo yokhayokha, ya phiko lodziimira lokha popanda waya ngakhale mmodzi kunja. Pofika 1935, pamene Douglas DC-3 inauluka koyamba, khungu linali litasiya kukhala chovala chabe, litasanduka mbali ya mphamvu ya ndege.

Wina angafunse, ndipo ndi funso loyenera, kuti ngati moyo wa anthu uli pamenepo, bwanji osangowonjezera chitsulo kuti mtima ukhale m'malo? Yankho lake n'lakuti pa ndege kilogalamu imodzi sibwera yokha: ikawonjezedwa imafuna phiko lokulirapo, phiko lokulirapo limafuna injini yamphamvupo, injiniyo imafuna mafuta ambiri, mafutawo amafuna miyendo yolimba yoterera, ndipo zonsezi ndi makilogalamu ena amene nawonso amaitana anzawo, kufikira ndegeyo italimba ndithu koma yosatha kunyamula kanthu. Choncho malamulo anaika malire motere. Ndege zazikulu zonyamula anthu ziyenera kupirira, popanda kupindikiratu, katundu woposa kulemera kwake kawiri ndi theka, amene ndiye wamkulu koposa amene zingakumane naye m'mphepo yamkuntho kapena pokhota mwadzidzidzi. Kenaka katundu ameneyo amamuchulukitsa ndi 1.5, ndipo chimango chiyenera kumusenza masekondi atatu chisanathyoke. Amene amagwira ntchito ndi zingwe zonyamulira katundu amasiya mpata wa kasanu kapena kuposa. Wa ndege ali ndi theka lokha pamwamba pa muyeso. M'chaka cha 1995 amisiri a Boeing anakoka mapiko a ndege ya 777 ndi zingwe m'nyumba yoyesera kufikira anathyoka, ndipo anathyoka pa 154 peresenti, pamene lamulo limafuna 150. Anakondwera nazo, pakuti akanathyoka pa 149 ndegeyo ikanakanidwa, ndipo akanafika pa 200 zikanasonyeza kuti anaikamo chitsulo chimene ndege iliyonse ya mtunduwo ikanasenza pachabe masiku onse a moyo wake.

Koma alipo mdani wina amene mayeso okoka phiko kamodzi sangamuulule, ndipo dziko linamudziwa ndi misozi.

Pa 2 Meyi 1952 ndege yotchedwa Comet, yopangidwa ndi kampani ya de Havilland ku England, inanyamuka ku London ndi anthu 36 kulinga ku Johannesburg, ndipo inali jeti yoyamba pa dziko lonse kuyamba maulendo a anthu olipira. Inatera ku Rome, Beirut, Khartoum ndi Entebbe, niteranso ku Livingstone, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo inamaliza ulendo wonsewo m'maola osakwana 24. Jeti, kuti isamwe mafuta mopitirira, iyenera kuuluka pamwamba kwambiri, mamita 10,000 kapena 12,000, kumene mpweya ndi wochepa kotero kuti munthu angakomoke m'kanthawi kochepa. Choncho m'thunthu amapoperamo mpweya, ndipo mu Comet mpweyawo unkakankha khungu ndi mphamvu yolingana ndi matani pafupifupi 6 pa sikweya mita iliyonse, pamene khungulo m'malo ambiri silinkakwana milimita imodzi kuchindikala kwake. Ulendo uliwonse thunthu linkafufuma pokwera ndi kuphwa potsika.

Pa 10 Januwale 1954, ndege yomwe ija inatsegula njira ya ku Johannesburg, itanyamuka ku Rome m'mawa kunja kuli bata, inasweka m'mlengalenga pafupi ndi chilumba cha Elba, ndipo anthu onse 35 anatha. Ma Comet onse anaimitsidwa, nakonzedwa apa ndi apo monga mwa zimene amisiri ankaganizira, naloledwanso kuuluka. Koma pa 8 Epulo inanso, yobwerekedwa ndi South African Airways pa ulendo wa ku Johannesburg, inasweka chimodzimodzi pamwamba pa nyanja kufupi ndi Naples, ndi anthu 21. Indetu chakudza sichiimba ng'oma.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndimaziona ngati ntchito yolemekezeka koposa m'mbiri ya umisiri umenewu. Asilikali a pamadzi a Britain anakhala miyezi akuvuula zidutswa za ndege ya ku Elba pansi pa nyanja, ndipo ku Farnborough akatswiri otsogozedwa ndi Sir Arnold Hall anazisanja chimodzichimodzi pa chimango chamatabwa. Pamenepo anatenga Comet ina yathunthu, naimangira thanki lalikulu, mapiko ali kunja, nadzaza madzi m'thankimo ndi m'ndege momwe. Anasankha madzi chifukwa mpweya wopanikizidwa ukapeza potulukira umaphulika n'kuwononga umboni wonse, pamene madzi, popeza sapanikizika, amangotuluka, malo amene pang'ambika n'kutsala oonekera. Usana ndi usiku ankapopa madzi ndi kuwaphwetsa, majeki akukweza ndi kutsitsa mapiko, kotero kuti ulendo wa maola ambiri unkatha m'mphindi zochepa; ndipo m'mwezi wa Juni, maulendo enieni ndi oyerekezawo atangopitirira 3,000, khungu linang'ambika kuyambira pangodya ya windo lina lakutsogolo.

Mwana aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya amadziwa kuti waya amene sangaduke ngakhale anthu awiri atamukoka, amaduka ukamupinda uku ndi uku kangapo pamalo amodzi. Kumeneko ndiko kutopa kwa chitsulo, ndipo August Wöhler anali atakufufuza kale ku Germany m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, pa zitsulo zolumikiza mawilo a sitima za pamtunda. Chimene sichinayesedwe mokwanira pa Comet n'chakuti katundu woyenda m'khungu akafika pa bowo ayenera kulambalala, ndipo polambalalapo amaunjikana pangodya, makamaka ngodya yokhota mwadzidzidzi imene ili ndi mabowo a mariveti pafupi. Pamenepo chitsulo chimamva katundu woposa kwambiri wa malo ena onse. Anthu ambiri amasimba kuti Comet inagwa chifukwa cha mawindo a ngodya zinayi a anthu okwera. Nkhaniyo ili ndi mbali ya choonadi, koma chidutswa chimene chinavuulidwa ku Elba chinasonyeza kuti mng'alu unayambira padenga, pangodya ya kawindo ka zipangizo za wailesi yolondolera njira, ndegeyo itauluka maulendo 1,290 okha. Ndipo tisayese kuti a de Havilland anali aulesi pa mayeso. Anayesa chigawo cha thunthu maulendo zikwi zambiri. Koma chigawo chomwecho anali atayamba achipopa mpweya wowirikiza kawiri, ndipo kupopa koyambako kunalimbitsa chitsulo cha m'ngodya, mayeso otsatira n'kupereka chiyembekezo chimene ndege zenizeni zinalibe. Zonse zimene zinapezeka ku Farnborough zinalengezedwa poyera, ndipo opanga ndege a m'mayiko ena anaphunzirapo.

Phunziro limene amisiri anatolapo linali lakuti mutu umodzi susenza denga. Anayamba kumanga kotero kuti katundu aliyense akhale ndi njira ziwiri kapena zitatu, kuti mtanda umodzi ukaduka wina ugwirizize, ndipo m'khungu la thunthu anaikamo malamba achitsulo oimitsa mng'alu usanapite patali. Nzeru imeneyi inali yabwino, koma inali ndi mpata, ndipo mpatawo unaonekera kuno kwathu, pafupi ndi bwalo la ndege la Lusaka. M'mawa wa pa 14 Meyi 1977, Boeing 707 yonyamula katundu ya kampani ya Dan-Air, yochokera ku London kudzera ku Athens ndi Nairobi, ikutsika kuti itere, phiko laling'ono la kumanja la kumchira linathothoka lonse, ndegeyo nigwa chamutu isanafike pabwalo, ndipo anthu onse 6 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti mng'alu unali utadya mbali ya pamwamba ya mtanda wakumbuyo wa phikolo kwa maulendo ambirimbiri, pamalo pamene diso la woyendera silikanauona msanga. Ndipo mbali yapakati, imene inaikidwa kuti idzagwirizize tsiku la tsoka, sinathe kusenza katundu amene anaigwera. Ndege zina za mtunduwo zitayenderedwa m'mayiko osiyanasiyana, zoposa 30 zinapezeka ndi ming'alu pamalo omwewo. Kodi mtanda wachiwiri upindulanji ngati palibe wodziwa kuti woyamba unaduka kale?

Kuyambira 1978 malamulo a ku America anasintha, ndipo mayiko ena anatsatira. Wopanga ndege tsopano ayenera kuvomereza kuti ming'alu idzabwera, angakhale atasamala chotani. Ayenera kuwerengera kuti idzakula motani ulendo ndi ulendo, popeza tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Ndipo ayenera kunena malo oyang'ana, chida choyang'anira, ndi kuchuluka kwa maulendo pakati pa kuyendera ndi kuyendera, kuti mng'alu ugwidwe usanafike pa msinkhu wakupha. Ngakhale zinatero, pa 28 Epulo 1988, ku Hawaii, Boeing 737 ya Aloha Airlines, imene inali itanyamuka ndi kutera maulendo 89,680 m'mphepo ya mchere ya pakati pa zilumba, inasasuka denga lotalika mamita oposa 5 ili pa mamita 7,300. Timing'alu tambirimbiri ta pa mzere umodzi wa mariveti, kalikonse kakang'ono kosaopsa pakokha, tinalumikizana nthawi imodzi. Mayi mmodzi wothandiza anthu m'ndegemo anatayika. Ena onse anapulumuka, pakuti mitanda ya pansi inagwira kufikira oyendetsa anatera ku Maui. Mmodzi wa okwera ananena pambuyo pake kuti pokwera anaona mng'alu pafupi ndi chitseko, koma sanauze munthu.

Pachifukwa ichi ine ndimati chimango cha ndege ndi pangano pakati pa anthu awiri amene mwina sadzaonana konse: wojambula amene anawerengera, ndi mmisiri amene usiku, ndi tochi ndi kagalasi m'manja, amakwawa m'mimba mwa phiko kukayang'ana riveti imene buku lamuuza. Ndege ikachedwa kunyamuka pa Chileka kapena ku Lumbadzi chifukwa amisiri akuyang'ana kanthu kena, pangano limenelo ndi limene likusungidwa.

Masiku ano aluminiyamu akugawana malo ndi ulusi wa kaboni woumbidwa ndi utomoni wa m'fakitale. Theka la kulemera kwa chimango cha Boeing 787 ndi zipangizo zoterezi, ndipo pa Airbus A350 n'zopitirira theka pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti mmisiri amayala ulusi molunjika kumene katundu akupita, ndipo suchita dzimbiri kapena kutopa msanga. Koma uli ndi chinyengo chakechake. Aluminiyamu akagundidwa amaonetsa chibonthe. Kaboni akagundidwa kunja amaoneka bwinobwino, m'kati magawo ake atalekana. Choncho amamuyesa ndi makina otumiza mawu osamveka ndi khutu, ndipo pa tizigawo tina topyapyala mmisiri amagogoda pang'onopang'ono ndi kanyundo kapena ndalama yachitsulo, akumvetsera pamene kulira kwake kwasintha.

Tsopano titsike kuchoka pa zimphona zimenezi, tifike pa ma drone, tindege topanda munthu m'kati, pakuti apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. M'chaka cha 2016 boma la Malawi ndi UNICEF anayesa ku Lilongwe kunyamula pa drone magazi a makanda okayezedwa HIV; mu Juni 2017 anatsegula ku Kasungu dera loyeserako ma drone, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege; ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy. Ku Kasungu komweko, chakumapeto kwa 2017, ophunzira a ku Malawi, pamodzi ndi aphunzitsi a ku Virginia Tech, anamanga kandege kotchedwa EcoSoar, kamene kanauluka kokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kufika pabwalo la Kasungu. Kanamangidwa ndi chiyani? Ndi timatabwa topepuka ta pulasitiki yofewa yokutidwa ndi pepala mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi tizigawo tosindikizidwa pa makina a 3D. Musapeputse zipangizo zimenezo. Khungu lolimba mbali ziwiri ndi chopepuka pakati ndi nzeru yomwe ija ya mtanda wochindikala pamwamba ndi pansi, ndipo ndi imene a de Havilland anamangira Mosquito m'chaka cha 1940, poika mtengo wopepuka wa balsa pakati pa mapulayiwudi awiri, nikhala imodzi mwa ndege zaliwiro koposa za nkhondo yachiwiri.

Kakang'ono kali ndi mwayi umene chachikulu chilibe, ndipo Galileo anaufotokoza kale m'chaka cha 1638. Chinthu ukachikulitsa kawiri mbali zonse, mphamvu ya mitanda yake imakula kanayi, koma kulemera kwake kumakula kasanu ndi katatu. Apa ndi pamene Langley anapunthwa. Ndipo apa ndi pamene mnyamata kapena mtsikana amene kandege kake ka mita imodzi kauluka bwino ayenera kuchenjera, tsiku limene adzafune kumanga ka mamita atatu konyamula bokosi la katemera, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kamangidwe kayenera kuwerengedwanso kuyambira pachiyambi.

Vuto lalikulu la drone yaing'ono, makamaka ija ya mapulopela anayi, kawirikawiri si kuthyoka m'mlengalenga ayi, koma kunjenjemera. Mamota ake amazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi, ndipo pulopela imodzi ikabenthuka kunsonga, kapena ikapindika pang'ono, kunjenjemera kwake kumayenda m'mkono kufika pakati, pamene pali kakompyuta kamene kamamva kupendekeka kwa drone ndi kukonza kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mkono ukakhala wofewa, kunjenjemera kwa mota kumatha kugwirizana ndi kugwedera kwa mkonowo, n'kukula. Kakompyutako n'kuyamba kukonza kupendekeka kumene kulibe, mamota n'kutentha, batire n'kutha msanga, zithunzi n'kutuluka zamafundemafunde. Choncho mikono iyenera kukhala yosagwedera, n'chifukwa chake timapaipi ta kaboni timakondedwa, ndipo kakompyutako amakakhazika pa timphira tofewa. Koma kaboni amadutsa magetsi, kotero kuti waya wosupuka akamukhudza batire ikhoza kuyaka. Ndiponso amatchinga mafunde a wailesi, kotero kuti eriyo iyenera kutulukira kunja.

Pali chinanso chimene chimapanikiza womanga drone koposa womanga jeti. Kilogalamu ya mafuta a ndege ili ndi mphamvu yoposa ya kilogalamu ya batire maulendo makumi angapo. Ndiponso mafuta amanka napepuka pamene akupsa, koma batire yotha imalemera chimodzimodzi ndi yodzaza. Galamu iliyonse yosafunika m'chimango ndi mtunda wochotsedwa pa ulendo. Drone ya mapulopela okha, popeza imadzigwiriza m'mwamba ndi mphamvu ya mamota basi, nthawi zambiri siposa theka la ola. Ya mapiko imapita kutali koma imafuna poterera. Ndipo zimene zimaphatikiza ziwirizi, monga zimene zinanyamulapo mankhwala ku Kasungu ndi ku Chigwa cha Shire, zimalipira mtengo wake, pakuti phiko liyenera kusenza mikono ya mapulopela onyamukira, imene imalipotola ponyamuka ndi potera, ndipo pakati pa ulendo mamota enawo amangokhala katundu. Bokosi la mankhwala nalonso saliika paliponse: liyenera kukhala pamene ndege imalinganira ukaiimika pa zala ziwiri pansi pa mapiko, pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kutsogolo kwa phiko, kuti ikhale yolingana popita ndi katundu ndi pobwerera chimanjamanja.

Ndipo popeza drone idzagwa ndithu tsiku lina, wanzeru amasankhiratu pamene idzathyokere. Phiko amalimanga ndi timalamba ta mphira kapena ndi mabawuti a pulasitiki, kuti likagunda chitsa liguluke lonse m'malo mong'amba thunthu. Miyendo amaipanga yotchipa ndi yosavuta kusintha. Batire amaiika kotero kuti ikatsomphoka isaphwanye kamera. Kuno kwathu izi n'zofunika koposa, chifukwa chigawo choitanitsa kunja chimatenga masabata ndi ndalama zakunja, pamene chodula ndi mpeni ndi kumata ndi guluu chimakonzeka tsiku lomwelo. Ndipo ndikadakhala woweruza pa mpikisano wa ana athu omanga ma drone, ndikadayamba ndafunsa za kukonzeka kwake ndisanafunse za liwiro. Akumbukirenso dzuwa lathu: pulasitiki ya PLA, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makina a 3D, imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo m'galimoto yotsekedwa, yosiyidwa padzuwa la Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kutentha kukhoza kufika pamenepo, chogwirira mota n'kupindika popanda wochikhudza.

Choncho inu amene mwayamba ntchito imeneyi, musanaulutse, gwirani mkono uliwonse muupotole pang'ono, mumvetsere ngati ukulira. Yendetsani chala m'mphepete mwa pulopela iliyonse. Yang'anani pozungulira bawuti iliyonse ngati pali kamzere koyera, pakuti pulasitiki imayera pamene yayamba kutopa. Ndipo drone ikagwa, ingakhale ikuoneka yabwinobwino, gogodani timapaipi take ta kaboni musanaikhulupirire. Khalani ndi kabuku kolembamo maulendo onse ndi kutera kulikonse kolimba, ndipo timalamba ta mphira tija muzitisintha tisanayambe kuuma.